Phunziro: Kuchotsa ndi Kusunga Zokongoletsa za Khirisimasi

Pokongoletsa nyumba kapena tchalitchi mu Disembala manja amachuluka. Ana amalimbirana kukoleka nyenyezi, akuluakulu amakwera pamipando kumanga nthambo za magetsi, nyimbo zili pakamwa. Ikafika nthawi yochotsa pamatsala munthu mmodzi kapena awiri, ndipo zonse zimangounjikidwa m'katoni imene yapezeka pafupi. Zotsatira zake zimadzaoneka chaka chikamatha: nthambo zapiringizana, timipira tasweka, mapepala achita chuku, kachifaniziro ka mbusa kathyoka mutu. Lero tiphunzira mbali yonyalanyazidwayi. Tiyamba ndi funso lakuti zokongoletsazi zimachotsedwa liti, ndiponso kumene masiku amene mayiko amatsata anachokera. Kenaka tiona kachotsedwe ndi kasungidwe kake. Tsegulani makope, pali masiku ena oti tiwerengere limodzi.

Khirisimasi ndi nyengo, si tsiku limodzi

Amasitolo ndi mpingo amawerenga Khirisimasi mosiyana. Kwa wogulitsa, nyengoyi imayamba mu Novembala, mwinanso mu Okutobala, n'kutha pa 25 Disembala ogula akamaliza kugula. Kwa mpingo, masabata am'mbuyowo ndi Adiventi, nthawi yodikira yokhala ndi masiku a Lamulungu anayi. Chikondwerero chenicheni chimayamba pa 25 Disembala pomwepo n'kupitirira. Choncho banja lochotsa zokongoletsa pa 26 Disembala likutsata kalendala ya sitolo, pamene lozisiya mpaka mu Januwale likutsata ya mpingo, ngakhale lisakudziwa kuti likutero.

M'chaka cha 567, msonkhano wa mabishopu umene unachitikira mumzinda wa Tours, m'dziko limene lero ndi France, unagamula kuti masiku a pakati pa Khirisimasi ndi Epifaniya akhale nyengo imodzi yachikondwerero. Awa ndi masiku 12 a Khirisimasi otchuka aja. Epifaniya imagwa pa 6 Januwale, ndipo ndi tsiku limene Akatolika, Aangilikani ndi mipingo ina yambiri amakumbukira anzeru a kum'mawa amene anadza kudzaona mwana Yesu, nkhani yopezeka pa Mateyu mutu 2.

Tsopano werengani nane. Pa 25 Disembala likhale tsiku loyamba. Pa 31 Disembala ndi tsiku la 7, pa 1 Januwale ndi la 8, ndipo la 12 likugwa pa 5 Januwale. Madzulo a tsikuli ndiwo amene anthu a ku Britain amawatchula kuti Twelfth Night, ndipo ndi kawerengedwe kamene mpingo wa Church of England umatsata. Koma wina akayambira pa 26 Disembala, tsiku la 12 ligwa pa 6 Januwale. Mkangano umene umabuka m'manyuzipepala a ku Britain chaka ndi chaka, wakuti mtengo uchoke pa 5 kapena pa 6, gwero lake n'lomweli: mbali ziwirizi zimasiyana poyambira kuwerenga, basi.

Kwa amene mumathandiza kumanga khola la Khirisimasi kutchalitchi, tsiku la Epifaniya lili ndi phunziro lina. Mwambo wa khola ambiri amaulondola kwa Francis woyera wa ku Assisi, amene m'chaka cha 1223 anakonza modyera ng'ombe, ndi ng'ombe ndi bulu zamoyo, pamudzi wa Greccio ku Italy. M'mabanja ndi m'matchalitchi ambiri a ku Italy ndi ku Spain, tizifaniziro ta anzeru aja timaikidwa patali ndi khola, n'kumasendezedwa pang'onopang'ono mpaka tifike pa 6 Januwale. Ndiye kuti wopasula khola pa Chaka Chatsopano wadula nkhani pakati, alendo asanafike. Ku Spain ana ambiri amalandira mphatso zawo pa 6 Januwale pomwepo, choncho palibe angaganize zochotsa kanthu tsikuli lisanadutse.

Kalendala ya Mpingo wa Katolika imene Papa Paul VI anavomereza mu 1969 imatseka nyengo ya Khirisimasi pa chikondwerero cha Ubatizo wa Ambuye, chimene kawirikawiri chimakhala Lamulungu lotsatira pa 6 Januwale. Chizindikiro chake mungachione nokha m'parishi iliyonse, kaya ku Lilongwe kaya ku Chipata kaya ku Tete: tsikuli likapita, wansembe amavula zoyera n'kuyamba kuvala zobiriwira. Pabwalo la St Peter's ku Vatican, pamene mtengo waukulu wakhala ukuimikidwa kuyambira mu 1982 m'nthawi ya Papa John Paul II, zaka zaposachedwazi mtengo ndi khola zimakhalapo mpaka tsiku lomweli.

Tsiku la 40

Pali tsiku lina lakale kwambiri, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ndi limene limamasula nkhani ya tsoka limene ena amati limagwera ochedwa kuchotsa zokongoletsa. Pitirizani kuwerenga paja tinalekezera. Pa 31 Disembala linali tsiku la 7. Onjezani masiku 31 a Januwale, mufika pa 38. Pa 2 Febuluwale ndi tsiku la 40. Malinga ndi lamulo la pa Levitiko mutu 12, mayi wobereka mwana wamwamuna ankapita kukapereka nsembe masiku 40 akakwana, ndipo Luka mutu 2 akusimba kuti Mariya ndi Yosefe anatero, n'kukumana ndi Simeoni ndi Anna m'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu. Mpingo umakumbukira zimenezi pa 2 Febuluwale podalitsa makandulo. Ku England tsikuli amalitchula kuti Candlemas.

Kwa zaka mazana ambiri, anthu a ku England ankasiya zokongoletsa zawo mpaka madzulo a pa 1 Febuluwale. Zokongoletsazo sizinali zapulasitiki ngati zalero. Zinali nthambi za mitengo ndi zitsamba zosayoyola masamba m'nyengo yachisanu, zimene ankadula kutchire n'kukoleka m'nyumba ndi m'tchalitchi. Robert Herrick, wansembe wa ku Devon amene analinso mlakatuli, anafotokoza mwambowu m'buku lake la ndakatulo lotchedwa Hesperides, la m'chaka cha 1648. Iye anatchula nthambi zoyenera kutsitsidwa madzulo amenewo, n'kuchenjeza atsikana antchito kuti tsamba lililonse lotsalira lidzawabweretsera chiwanda chake. Pofika zaka za m'ma 1800, tsiku lochotsera linali litasunthira ku Twelfth Night, ndipo chiopsezo cha tsoka chinasamuka nalo limodzi.

Onetsetsani bwino pamenepa. Tsoka limene mu 1648 linkagwera wochedwa kupitirira pa 1 Febuluwale, lero akuti limagwera wochedwa kupitirira pa 5 Januwale. Munthu wa ku Poland, kumene mabanja ndi matchalitchi ambiri amasungabe mtengo ndi khola mpaka pa 2 Febuluwale, ndiye kuti akanakhala pa tsoka mwezi wathunthu chaka chilichonse. Ine ndimaona kuti chiopsezochi chinali njira ya akuluakulu yoonetsetsa kuti ntchito yagwirika bwinobwino, masamba ouma onse atuluka m'nyumba zimene zinali ndi moto wa nkhuni ndi makandulo. Cholinga chinali chabwino, koma musamaopseze nacho ana. Auzeni chifukwa chenicheni, ndipo tichipeza posachedwa tikafika pa nkhani ya moto.

Ku Mexico masiku awiriwa anawalumikiza mokoma. Pa 6 Januwale banja limadula buledi wozungulira wotchedwa rosca de reyes, amene mkati mwake mumabisidwa kachidole ka mwana Yesu. Amene wakapeza m'chidutswa chake ndiye adzakonze chakudya cha tamales pa 2 Febuluwale. Motero nyengo imatsekedwa ndi phwando lina, ndipo wolikonza anadziwika kale.

Masiku a mayiko ena

Mwambo umene ndimaukonda kwambiri ndi wa ku Sweden. Kumeneko nyengo imatha pa 13 Januwale, tsiku la 20 mwa kawerengedwe kathu kaja, limene amalitchula kuti Tjugondag Knut. Ana amaitana anzawo, amavina mozungulira mtengo komaliza, amathothola maswiti ndi makeke amene anakolekedwa m'nthambi n'kudya, kenaka mtengo umatulutsidwa. Kale ena ankauponyera pawindo. Chimene anthu amenewa anachizindikira n'chakuti kuchotsa nakonso ndi mbali ya chikondwerero. Ntchito imene kwina imasiyidwira mayi yekha, kwa iwo ndi tsiku limene ana amaliyembekezera. Ku Ireland, makamaka madera a Cork ndi Kerry, pa 6 Januwale ndi Khirisimasi ya amayi: abambo amatsala ndi ntchito zapakhomo, amayi amene atopa ndi zophika za masabata awiri amakacheza ndi anzawo, ndipo m'nyumba zambiri zokongoletsa zimatsika tsiku lomwelo.

Kumene mipingo imatsata kalendala yakale masiku onsewa amasuntha. Kalendala ya Julian pakalipano ili m'mbuyo ndi masiku 13, choncho Khirisimasi ya mpingo wa Orthodox ku Russia ndi ku Serbia imagwa pa 7 Januwale. Ku Russia mtengo wokongoletsedwa kwenikweni ndi wa Chaka Chatsopano, ndipo ambiri amausiya mpaka pa 14 Januwale, tsiku loyamba chaka pa kalendala yakaleyo. Ku Ethiopia Khirisimasi ilinso pa 7 Januwale, ndipo chikondwerero chachikulu cha ubatizo wa Yesu, Timkat, kawirikawiri chimabwera pa 19 Januwale. Pamene wa ku London akutulutsa mtengo, wa ku Addis Ababa amakhala asanayambe n'komwe.

Mabanja enanso ambiri samayang'ana kalendala ya mpingo. Ena amafuna kulowa m'chaka chatsopano nyumba ili yosesa, choncho amachotsa pa 30 kapena 31 Disembala. Ena amachotsa Loweruka lomaliza sukulu zisanatsegulidwe. Palibe cholakwika pamenepo. Chofunika n'chakuti banja lisankhe tsiku, lidziwe chifukwa chake, ndipo onse amene anathandiza kukoleka adzapezekepo.

Mtengo weniweni sudikira kalendala

Zonse tanenazi zimagwira bwino ngati mtengo wanu ndi wapulasitiki. Mtengo wodulidwa kumunda, kaya wamkulu monga amagulira ku Ulaya ndi ku America, kaya nthambi ya paini monga ena amachitira kuno, uli ndi nthawi yakeyake. Ukaimikidwa m'chotengera cha madzi n'kumathiriridwa tsiku ndi tsiku, umatha kukhala wauwisi pafupifupi masabata anayi. Wopanda madzi umauma msanga, makamaka kumene Disembala ndi wotentha. Masamba a paini ndi mitengo ya mtundu wake ali ndi utomoni, ndipo akauma amayaka mwaukali: m'masekondi ochepa chipinda chonse chimakhala chitagwira moto.

Izi si zongoopseza. Pa 19 Januwale 2015, pafupi ndi mzinda wa Annapolis ku America, moto unapha agogo awiri ndi zidzukulu zawo zinayi. Ofufuza anapeza kuti magetsi anachita vuto pafupi ndi mtengo wa Khirisimasi wotalika mamita oposa anayi, umene unadulidwa miyezi iwiri m'mbuyomo ndipo unali utaumiratu. Pa 5 Januwale 2022, mumzinda wa Philadelphia, anthu 12 anafa, 9 mwa iwo ana, pa moto umene unayambiranso pa mtengo wa Khirisimasi. Onani masiku ake: onse ndi a mu Januwale, tsiku la Khirisimasi litadutsa kale.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Gwirani nthambi, muikoke pang'ono m'dzanja. Masamba akamayoyoka ambiri, kapena tsamba likamathyoka m'malo mopindika, kapena madzi a m'chotengera akasiya kutsika, mtengowo utuluke tsiku lomwelo, kaya Epifaniya yafika kaya sinafike. Khola ndi nyenyezi zikhoza kutsala.

Nanga ukatuluka umapita kuti? Mizinda ikuluikulu inapeza mayankho osiyanasiyana. Mtengo wa pa Trafalgar Square ku London, umene mzinda wa Oslo wakhala ukupereka chaka chilichonse kuyambira mu 1947 pothokoza thandizo la Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, umatsitsidwa cha pa Twelfth Night, n'kugayidwa kukhala tizidutswa tophimbira nthaka. Wa pa Rockefeller Center ku New York, kuyambira mu 2007, umachekedwa matabwa amene amaperekedwa ku bungwe la Habitat for Humanity kuti amangire nyumba. Pagombe la Fylde ku Lancashire, anthu odzipereka amakwirira mitengo yakale mumchenga kuti nthambi zake zizigwira mchenga wouluzika ndi mphepo, milu ya mchenga yotchinga nyanja izikula. Ku Berlin njovu za kumalo osungirako nyama zimapatsidwa mitengo kuti zidye, koma ndi yokhayo imene inatsala osagulidwa. Yochokera m'nyumba za anthu saiilandira, poopa mankhwala ndi tizitsulo totsalira m'nthambi. Lamulo lomweli ligwire kwa amene angafune kuponyera mbuzi nthambi zotere.

Achibale athu okhala ku Britain amadziwa kuti makhonsolo ambiri amalengeza masiku otolera mitengo mu Januwale, ndipo amafuna mtengo wochotsedwa chilichonse chonyezimira. Pali ziwiri zoti musachite kulikonse kumene muli. Musasonkhezere nthambi zouma za paini pa moto wa m'nyumba, chifukwa zimalilima ndi kuthetheka. Ndipo mtengo wapulasitiki ukatha ntchito musautenthe: yambiri imapangidwa ndi PVC, imene utsi wake ndi wapoizoni.

Bungwe la Carbon Trust la ku Britain linawerengera mpweya wotenthetsa dziko umene mtengo wa mamita awiri umadzetsa. Wapulasitiki ndi makilogalamu pafupifupi 40. Weniweni wotayidwa kudzala la zinyalala, kumene umawola n'kutulutsa mpweya wa methane, ndi 16. Weniweni wogayidwa kapena kutenthedwa ndi 3.5. Choncho wapulasitiki uyenera kugwira ntchito zaka pafupifupi 10 kuti ufanane ndi kugula weniweni wodzagayidwa chaka chilichonse. Mtengo sungafike zaka 10 ngati ukusungidwa mwachisawawa, ndipo apa ndi pamene funso lathu lachiwiri likuyambira.

Kachotsedwe

Lamulo lalikulu ndi limodzi: chimene chinakolekedwa pomaliza chichoke poyamba. Pokongoletsa timayamba ndi magetsi, kenaka zingwe zonyezimira, pomaliza timipira ndi tizidole. Pochotsa timabwerera m'mbuyo. Mukayamba n'kukoka magetsi timipira tikadali m'nthambi, tigwa n'kusweka.

Musanagwire kanthu, zimitsani magetsi ndi kuzula pulagi pa soketi, pogwira pulagiyo osati kukoka nthambo. Ngati kakongoletsedwe ka chaka chino kanakusangalatsani, jambulani ndi foni. Yalani nsalu kapena mkeka pansi pa mtengo kuti chogwa chisasweke. Zagalasi achotse ndi akuluakulu, zapulasitiki ndi zansalu apatsidwe ana. Timawaya tokolekera tisonkhanitsidwe m'kabotolo, chifukwa tikagwa pansi timabaya mapazi ndipo mwana wokwawa akhoza kutiika m'kamwa. Zokolekedwa pamwamba zifuna makwerero kapena mpando wolimba, wina ataugwira. Selotepi ya pakhoma imatulidwe pang'onopang'ono kuti isachoke ndi penti.

Magetsi afuna chidwi chapadera chifukwa ndiwo okwera mtengo ndiponso oopsa. Mukawatsitsa, ayatseninso kamodzi musanawasunge. Yendetsani zala pa nthambo yonse, magetsi atazima, kufufuza pamene pasupuka kapena pamene khoswe analuma. Nthambo yoonekera waya itayidwe, musaimate ndi selotepi n'kuyembekeza kuti chaka chamawa mudzakumbukira. Timababu takale tagalasi timalumikizidwa motsatizana, kotero kuti kamodzi kakaguluka mzere wonse kapena theka lake limazima. Fufuzani kameneko tsopano, pamene mukudziwa kuti dzulo zinkayaka. A LED satentha kwambiri ndipo amadya magetsi ochepa, koma nawonso nthambo zawo n'zopyapyala ndipo zimaduka mkati zikakokedwa. Dulani chidutswa cha katoni, muchicheke pang'ono mbali ziwiri, mulowetse pulagi pochekapo, n'kukulunga nthambo mosakoka. Mzere uliwonse ukhale ndi katoni yake.

Pakatoniyo lembani mphamvu ya magetsi imene mzerewo umafuna. Ku America magetsi a m'nyumba ndi mavoti 120, pamene ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain ndi 230. Mzere wochokera ku America, kaya anatumiza ndi mbale kaya munaugula pakaunjika, ukalumikizidwa mwachindunji pa soketi yathu umapsa nthawi yomweyo, mwinanso kuyambitsa moto. Amene adzatsegule katoni chaka chamawa mwina sadzakhala inu.

Chilichonse choyendera mabatire chichotsedwe mabatirewo. Akakhala miyezi yambiri amatuluka madzi amene amadya tizitsulo ta mkati, chipangizo n'kufa. Timabatire tating'ono tozungulira ngati batani, topezeka m'makandulo amagetsi ndi m'makadi oimba, tisungidwe kutali ndi ana: mwana akakameza kamatha kuwotcha kummero m'maola ochepa chabe, ndipo ayenera kuthamangira naye kuchipatala.

Kasungidwe

Malangizo ambiri amene mungawapeze pa intaneti analembedwera anthu a kumayiko ozizira, ndipo amati makatoni aikidwe m'chipinda cha kudenga. Tisatengere osaganiza. Kwathu kuno Januwale ndi pakati pa dzinja, mvula ili pachimake, mpweya uli ndi chinyezi chambiri. Ndiye kuti timalongedza zinthu m'mwezi woipitsitsa kulongedzamo. Kenaka mu Okutobala, pakati pa malata ndi siling'i pamatentha kotero kuti makandulo amapindika, guluu amasungunuka, ndipo pulasitiki imauma n'kuyamba kuthetheka. Zokongoletsa zathu ziyenera kupirira zonse ziwiri.

Chinyezi ndicho choyamba kulimbana nacho. Mlimi saika mbewu m'chigubu isanaume, podziwa kuti akaitsekera ndi chinyezi adzaipeza itawola. N'chimodzimodzi pano. Nsalu za patebulo ndi zina zochapika zichapidwe, ziume gwa, zisitidwe. Zimene zinali panja, monga magetsi a pakhonde, zipukutidwe ndi kuyanikidwa pamthunzi podutsa mphepo. Ngati tsiku limene mwachotsa kwachita mvumbi, musatseke zivundikiro. Dikirani tsiku ladzuwa. Timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano musamataye, ponyani tiwiri kapena titatu m'chotengera chilichonse. Popanda kutero zansalu ndi zamapepala zichita chuku, mapulagi ndi timawaya zichita dzimbiri.

Katoni ndi yotsika mtengo, koma imayamwa chinyezi, chiswe chimaidya, ndipo mphemvu ndi makoswe amaswerana momwemo. Ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro chothina ndi yabwino koposa. Ngati muli ndi makatoni okha, aikeni pa shelefu kapena pamwamba pa kabati, asakhudze simenti kapena khoma la kunja. Chilichonse chodyedwa chisalowe m'chotengera: maswiti, mabisiketi, mbuliwuli zotungidwa pa ulusi, tizidole toumbidwa ndi ufa. Kachidutswa kamodzi n'kokwanira kuitana khoswe, ndipo akalowa sasiya nthambo za magetsi. Udzu umene munafolerera khola, masamba a nthochi ndi a kanjedza, maluwa, zonsezi zipite ku dzenje la manyowa. Chaka chamawa mudzadula zina.

Zosweka zikulungidwe chimodzichimodzi. Timipira tagalasi, timene anayamba kupanga amisiri a m'tauni ya Lauscha ku Germany m'zaka za m'ma 1800, n'topyapyala kwambiri, ndipo utoto wake umakandika tikamakhulana. Thireyi ya mazira imasunga bwino tating'ono, kamodzi pa dzenje lililonse. Tokulirapo tikulungidwe ndi zidutswa za chitenje chakale chochapa kapena pepala loyera lofewa. Nyuzipepala ndi yabwino kutsekera mipata, koma isakhudze zinthu zoyera kapena zopentedwa, chifukwa inki yake imadetsa pakakhala chinyezi. Zolemera zikhale pansi, zopepuka pamwamba, ndipo mukagwedeza chotengera pasamveke kanthu kogubuduka. Zingwe zonyezimira zikulungidwe pa katoni ngati magetsi aja, kapena chilichonse m'kathumba kake.

Mtengo wapulasitiki upukutidwe fumbi, uphwasulidwe zigawo zake, nthambi zipindidwe moloza kunsonga monga unabwerera, chigawo chilichonse chimangidwe ndi chingwe chansalu mosathinitsa. Miyendo yake ndi tizitsulo tomangira ziikidwe m'thumba limodzi lomangiriridwa ku thunthu. Mitengo yambiri imatayidwa isanathe chifukwa chakuti mwendo umodzi unasowa.

Ndikhalepo pang'ono pa za kutchalitchi, pakuti kumeneko katundu ndi wa anthu onse ndipo osamalira amasintha. Tizifaniziro ta m'khola, kaya n'tadothi, tapulasitala kapena tosema, nthawi zambiri tinaperekedwa ndi anthu amene ena a iwo anatisiya kale, ndipo kupeza kena kofanana nako n'kovuta. Tiwerengedwe potulutsa mu Disembala, tiwerengedwenso polongedza. Mndandanda ulembedwe m'kope la mpingo, osati m'mutu mwa munthu mmodzi. Tapulasitala tisatsukidwe ndi madzi, tingopukutidwa ndi kaburashi kofewa. Tosema tiyang'anidwe ngati tili ndi timabowo tatsopano ndi ufa wamtengo, chizindikiro chakuti kachilombo kalowa; kotero kapatulidwe, kasasungidwe pamodzi ndi tinzake. Kothyoka kamatidwe tsopano, zidutswa zikadalipo.

Pomaliza pa chotengera chilichonse palembedwe zimene zili mkati, pambali osati pachivundikiro pokha, kuti ziwerengeke zikasanjikizidwa. Chimene chidzafunike poyamba, monga nkhata ndi makandulo a Adiventi amene amatuluka kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, chikhale pamwamba. Pa pepala lina lembani zimene zawonongeka ndi zofunika kugula, mumate mkati mwa chivundikiro cha ndowa yoyamba. Masitolo ambiri amatsitsa mitengo ya zokongoletsa Khirisimasi ikangopita, choncho amene ali ndi kangachepe agule nthawi yomweyo. Ndipo mvula ikatha, cha mu Meyi kapena Juni, sankhani tsiku louma, mutsegule zotengera zonse zipitidwe mphepo, muone ngati mwalowa chinyezi kapena tizilombo.

Ntchito yokachita

Tengani kalendala ya chaka chikubwerachi. Pezani tsiku la sabata limene pa 5, pa 6 ndi pa 13 Januwale komanso pa 2 Febuluwale zigwere, ndipo mupezenso Lamulungu la Ubatizo wa Ambuye. Kenaka funsani munthu wamkulu wa kwanu kapena wa kumpingo kwanu kuti pa ubwana wake ankakongoletsa ndi chiyani, ankachotsa liti, ndipo zochotsedwazo zinkapita kuti. Mulembe zimene akuuzeni m'ndime ziwiri, mubwere nazo pa phunziro lotsatira.